Chimfine cha Virginia

Lolemba, 14 Julayi

Komboni yonse ya Mtendere yamva, ndi agalu omwe. Loweruka mwana wanga Virginia aulutsa ndeke yekha, popanda mphunzitsi pambali! Azimayi onse akumsika ndawauza abwere kwanga, pabwalo panga tindeke ta sukulu yawo timaoneka bwino tikamazungulira. Ba Pumulo, ogulitsa kapenta pafupi ndi pomwe ndimagulitsa salaula, zovala zakaunjika, ati: "Kandeke kaja kolira monga chigayo?" Ndati chigayo chanu chinafikapo kumitambo? Nsanje, mwandi.

Lachiwiri, 15 Julayi

Tebulo langa lasanduka ndeke. Virginia akulizungulira ndi kapepala m'manja: matayala, mapiko, oyilo, mabuleki. Mafuta akuti amayamba wathira pang'ono m'kabotolo, kuona ngati muli madzi. Ndati iwe, ba Kasoma minibasi yawo ndi yomanga ndi waya, imafika ku Misisi tsiku lililonse, unawaonapo akuizungulira? Sanaseke. Akuti ya ba Kasoma ikazima amaimika pambali, kumwamba kulibe pambali.

Mafunso omaliza pakapepalapo ndi a iye mwini. Wagona bwino? Wadya? Ukudwala? Wamwa mankhwala? Ndeke yofunsa ngati nesi wa kusikelo!

Lachitatu, 16 Julayi

Wayetsemula mpaka malata kugwedezeka. Mphepo ya Julayi chabe.

Lachinayi, 17 Julayi

Chimfine chenicheni. Maso psuu, mphuno ngati pompi.

"Mami, nikauka so pa Chiwelu, siniuluka. Ba Kapambwe sibangalole."

Ba Kapambwe ndiwo mphunzitsi wake. Akuti mphuno ikatseka, kumwamba makutu amapweteka mpaka munthu kusokonezeka. Ndathamangira pakantemba, kagolosale kapafupi, ndagula timapiritsi tachikasu tija. Wawerenga kabokosi, wandibwezera. Akuti togonetsa, woulutsa ndeke saloledwa. Wamwa ndimu ndi madzi otentha basi.

Ine ndinamubereka ndili ndi malungo, m'mawa mwake ndikusenza belo la salaula. Ana a masiku ano.

Lachisanu, 18 Julayi

Kumsika ba Pumulo mokuwa: "Tamvela kaputeni ali na mamina! Tibwele na vitenge olo na tishu?" Mzere wonse kugwa ndi phwete. Ndati mwana wanga angauluke ngakhale mutu uli m'saka. Ndinasekanso nawo, koma nkhope kutentha.

Amayi a kwaya aphunzira kale nyimbo. Abusa nawo akuti abwera.

Virginia akadali kufwenthera. Akuti adzaona m'mawa. Kabokosi kali pawindo.

Loweruka, 19 Julayi

M'mawa. Ndapera timapiritsi tiwiri ndi supuni, ndathira m'phala la nsinjiro, shuga wambirimbiri. Virginia wamaliza mbale yonse. Povala nsapato wakoka mpweya: "Mami, mphuno yatseguka! Ndimu yanu ija ni yamphamvu." Wandikumbatira. Pageti wayasamula, nkuseka yekha. Wapita.

Dokotala ndine, satifiketi yokha ndiyo ndilibe.

Masana. Pabwalo podzaza, ena pampanda. Pakamwa panga pandiyabwa, ndanong'oneza ba Pumulo nzeru yanga ya m'phala, ndikudikira andiombere m'manja.

Sanaseke. Chiwadziwireni sindinawaonepo nkhope yotere.

"Tubili? Amake Virginia, bamuna banga banamwa kamozi chabe, banagona pa njinga, banaukila mu ngalande."

Ndaimba foni ya Virginia. Yozima. Ndaimbanso. Yozima. Nambala ya kusukulu ndaipeza pakalendala yawo kukhoma. Wayankha mtsikana. Ndati ndipatseni ba Kapambwe. Akuti ali panja pabwalo la ndeke, angotsika kumene m'ndeke, Virginia watsala yekha mkati.

Ndanena zonse. Phala, mapiritsi, tiwiri. Mokuwa, pakhomo, abusa ali pomwepo, kwaya yonse ikumva.

Mtsikana uja wangoti, "Mayo!" Kenaka mpando kugwa, mapazi kuthamanga, wina akukuwa za wailesi. Foni nkuduka.

Ndalowa m'nyumba. Foni ili pamwendo, siikulira. Ndikungolemba.

Kunja palibe woimba. Pawindo ndikuona ba Pumulo atagwada pafumbi, chitenge chatsopano, nkhope kumwamba. Kutali injini yayamba kumveka.