Magetsi a Pikapu ya Ababa

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Bolero tilipo, kungoti amama miyendo ikuwavutabe.

Mukuwakumbukira magetsi a pikapu ya ababa aja, osayaka mpaka eni ake atamenya dashibodi ndi chikhatho? Chimwalirireni ababa, magetsiwo anakaniratu. Ndinkamenya mpaka dzanja kuwawa, koma ayi ndithu. Loweruka ndinati ndiwaone, poti ine ndi amama tinali ndi ulendo wokatenga chimanga ku Hewe. Mababu anali abwinobwino, mafuzi osapsa, batire nayonso yamphamvu. Nditagona chagada kunsi kwa chiwongolero, ndinapeza waya wogwirira kuchitsulo cha galimoto, nati yake yokhwefuka, dzimbiri lokhalokha. Ndinapala n'kumangitsa. Magetsi anayaka nthawi yomweyo, ine n'kumadzitama.

Pobwerera kutayamba kuda, ndinayatsa. Amama anali atakweza dzanja kuti amenye dashibodi monga ankachitira ababa, koma msewu unali utawala kale. Dzanja lija linangotsala m'mwamba. Kenako anati, "Yewo chomene, mwanangu, wakonza." Anatembenukira kuwindo, n'kumangoyang'ana kunja mpaka kunyumba.

Chonde muwaimbire Lamulungu lino, chifukwa ine akungondiuza kuti ali bwino. Dzulo ndinatenga sipanala kuti ndikaimasulenso nati ija, koma ndinabwerera pakhomo la galimoto. Ngakhale nditaimasula, achemwali, dzanja lomwe magetsiwo ankalimvera tinaliika m'manda.

Mulungu akusungeni kutaliko.

Ndine mlongo wanu,
Wongani