Tsiku Limene Tinameta Abambo Ndevu

Zóbuè,
29 Julho 2018

Okondedwa achimwene Eugénio,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Nacala, pamodzi ndi alamu anga a Rebeca ndi ana. Ife kuno tadzuka, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwanyanya. M'mawa nkhungu ikumatsika m'phiri mpaka magalimoto a pa fronteira, pa malire apa, kumayenda atayatsa nyali.

Mudabwa kuti bwanji ndalemba kalata pamene tonse tili ndi mafoni. Pali zinthu zimene ndakhala ndikukubisirani, ndipo ndikangomva mawu anu pafoni ndimasowa poyambira. Koma musadzidzimuke, nkhani yake yathera pabwino. Ndayamba ndanena zimenezi kuti muwerenge mtima uli m'malo.

Abambo atatuluka m'chipatala mwezi wa Abril, ndinakuuzani kuti dzanja ndi mwendo wa kumanja ndi zimene zafooka ndi sitiroko ija. Zinali zoona, koma sindinamalize. Chichokereni kuchipatalako, abambo sanalankhulenso ngakhale liwu limodzi. Nthawi zonse zija munkaimba n'kunena kuti ndiwapatse foni, ine n'kumati agona, kapena ali kubafa, ndinkanama. Amakhala ali pomwepo pakhonde, akundiyang'ana ine ndikunama. Adokotala anandiuza kuti lilime lawo silinafe, akhoza kulankhula ngakhale movutikira, koma iwo anangotseka pakamwa basi. Ndinkaopa kuti mukamva musiya ntchito ya kudoko imene mwangoiyamba kumene, mutakhala zaka ziwiri mukuisaka.

Ndiye panali nkhani ya ndevu. Inu mukudziwa kuti abambo ameta anthu zaka zoposa makumi atatu, kuyambira kumsasa wa othawa nkhondo ku Mwanza kuja mpaka pansi pa mtengo wa mango wa pafupi ndi fronteira, pamene madalaivala ankafola pabenchi kudikira mpando wawo. Munthu amene sanatulukepo m'nyumba ndi ndevu za dzulo. Koma miyezi itatu yathayi sanalole munthu kuwakhudza kumaso. Ndevu zinakula, zaimvi, zopiringizika, phala kumakanirira momwemo. Makina ometera amagetsi aja munatumiza, tsiku loyamba lomwe nditangowayatsa pafupi ndi tsaya lawo, anawamenya ndi dzanja lamanzere n'kugwera m'beseni la madzi. Sanalirenso. Ine ndinakuuzani kuti akugwira bwino ntchito. Limenelonso linali bodza, mundikhululukire.

Kudya nako anayamba kuchepetsa. Azakhali a Dionísia atabwera kuchokera ku Kambulatsitsi kudzawaona, anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundiuza kuti, "Mwanawe, munthu waukhondo ngati ameneyu akadzitaya chonchi ndiye kuti akutsanzika. Uitane mlongo wako." Ndinavomera, koma foni ndinkangoigwira n'kuibwezanso m'thumba.

Lachinayi la sabata inayo ndinakwera chapa, minibasi zathu zija, kupita ku Moatize kukatenga mankhwala awo a mwezi. Nditamaliza, ndinalowa m'kasitolo kakale ka dona Zita kaja, pafupi ndi siteshoni ya sitima, kuti ndigule machesi ndi sopo wochapira. Dona Zita akalamba, koma akadapukutabe fumbi la malasha pa katundu wawo tsiku lonse ndi kansanza. Ali mkati mosuntha makandulo pashelefu ya pamwamba, ndinaona tinthu titatu tobulungira, totalika ngati chala chachikulu, tokulungidwa m'pepala lonyezimira.

"Dona Zita, timeneto ndi tichiyani?" ndinafunsa.

"Sopo wometera ndevu wachikale uja," anatero. "Tatsala titatu tomweti, takhala apa zaka. Anyamata a kumgodiwa safuna zovutikira, amafuna thovu la m'chitini lija longopopera kuti fwaa."

Anandipatsa kamodzi kuti ndione. Nditangotsegula pepala pang'ono, achimwene, ndinakafikitsa pamphuno. Linali fungo lija la m'manja mwa abambo, limene tinkalimva akabwera madzulo n'kutisisita m'mutu. Kasopoko kanali kouma gwa, koyera motuwirako, ndipo mtengo wake sunafike ngakhale wa mikate itatu. Ndikanati ndinagula ndili ndi nzeru ina iliyonse ndikananamanso. Ndinangofuna fungolo. M'chapa monse mpaka ku Zóbuè ndinkangokatulutsa n'kumakanunkhiza, mayi amene ndinayandikana nawo mpaka anandifunsa ngati ndili ndi pakati.

Loweruka alamu anu a Ilídio anali pa folga, abwera kuchokera kumgodi ndi ndevu za sabata yathunthu. Dzuwa litatuluka ndinawakhazika abambo pampando wawo pakhonde kuti aothere. Kenako ndinakasolola kabokosi kawo kachitsulo kaja pansi pa bedi. Zonse zinalimo mmene anazisiyira: burashi ya chigwiriro chamtengo chimene chinachita kuperepeseka ndi zala zawo, kambale koyera kosupuka m'mbali, lumo lopinda lija loikamo theka la lezala, sizasi, kagalasi, ndi kamwala koyera kaja koletsa magazi. Abambo anandiona ndikutuluka nako, koma anatembenuzira nkhope kumsewu.

"Bambo a Natércia, khalani apa ndikumeteni," ndinawauza a Ilídio.

"Inuyo? Mwaphunzira liti?" anatero akubwerera m'mbuyo. "Lolemba kuntchito akundifuna ndi makutu onse awiri."

Koma ndinawatsinzinira diso, iwo n'kuzindikira, n'kukhala pa mpando moyang'anizana ndi abambo, thaulo m'khosi.

Ine ndinkaganiza kuti sopo ndi sopo basi. Ndinatunga madzi a m'ndowa, ozizira ngati a pa mtsinje, n'kudzaza kambale kaja, n'kuviikamo sopo, n'kuyamba kuvundula ndi burashi ngati ndikutakasa thobwa. Thovu linatuluka, koma lamadzimadzi, la maso akuluakulu ngati lochapira zovala. Nditawapaka a Ilídio, linayenderera m'khosi mpaka m'malaya, lotsala kumasaya mphepo n'kuliumitsa nthawi yomweyo. Munthu wamkulu kumanjenjemera, mano gwegwegwe, uku akundidandaulira kuti ndamulakwira chiyani. Ndinapakanso kachiwiri, chimodzimodzi. Misozi inali pafupi, chifukwa ndinaona kuti ndangodzichititsa manyazi ndi zida za eni ake.

Ndi pamene ndinamva mawu kumbuyo kwanga, okhuthala, ngati ochokera pansi pa chitsime.

"Ma... dzi."

Burashi inandipulumuka. A Ilídio anadzuka ndi thovu lawo lomwelo, kuthamangira m'nyumba, n'kubwera ndi kapu ya madzi akumwa. Abambo anaikankha kapuyo ndi dzanja lamanzere, maso ali psuu ndi mkwiyo, n'kuloza kambale kaja.

"Madzi... achuluka. Iwe... taya."

Achimwene, miyezi itatu ndakhala ndikupempha Mulungu kuti ndimvenso mawu awo, ndipo mawu oyamba anali ondikalipira. Sindinasangalalepo ndi kukalipiridwa ngati tsiku limenelo. Ndinafuna kufuula kuti anthu onse a pamzere wathu amve, koma a Ilídio anandigwira pamkono n'kundinong'oneza kuti, "Musachite phokoso, angasiyenso. Ingochitani zimene akunena."

Ndinataya madzi aja.

"Ofunda," anatero abambo.

Ndinathamangira pamoto n'kubwera ndi ketulo. Anandiuza kuti ndiviike burashi yokha m'kapu ya madzi ofunda, ndiisiye imwe. Liwu lililonse linkawatengera nthawi, mwina kulakwitsa n'kuyambiranso, koma ankadziwa chimene akufuna. Patapita kanthawi anati ndiitulutse, ndiifinye ndi zala, ndiisanse kawiri. Ine ndinaona ngati yauma kwambiri, ndinati ndiviikenso, iwo n'kumenya phazi pansi. Kenako anati ndipukuse nsonga ya burashi pamutu pa kasopo kaja, mozungulira, mozungulira, osakanikiza, mpaka ubweya wake utamatira zoyera zolimba ngati phala la ufa woyera.

"Tsopano... m'mbale. Usathamange."

Ndinayamba kuzunguliza m'kambale kouma. Poyamba panalibe chooneka. Anati ndidonthezemo madzi ndi chala, dontho limodzi, ndizungulizenso, kenako dontho lina. Mwadzidzidzi burashi inasiya kukhwekhwereza, inayamba kuyenda mofewa, ndipo thovu linadzuka. Silinali ngati lija loyamba ayi. Linalibe maso, linali losalala, lonyezimira, lolemera, lodzaza kambale konse kuchokera ku kasopo kochepa kwambiri moti pamutu pake sipanaoneke n'komwe kuti pagwiritsidwa ntchito. Nditakweza burashi, thovulo linaima nsonga osagwa. Fungo linadzaza khonde lonse.

Abambo anatambasula dzanja lamanzere. Ndinawapatsa burashi. A Ilídio anakoka mpando n'kuwayandikira, n'kupereka tsaya ngati mwana wa sukulu. Thovu lina linalowa m'mphuno mwa mkamwini wawo, koma anamupaka nkhope yonse, kuzunguliza kaye kuti ndevu zidzuke, kenako kusalaza. Atamaliza anandiyang'ana n'kuloza lumo.

"Tsata... kumene zagonera."

Ndinawameta a Ilídio, abambo akundilondolera ndi chala. Lumo linkangotsetsereka, ndevu za sabata yonse kumachoka ngati ndikupala mbatata yophika. Sindinawacheke pena paliponse. A Ilídio anadzisisita n'kunena kuti chiyambire sanametedwepo osamva kuyabwa.

Ndinayamba kutsuka zida kuti ndibwezere m'kabokosi, chifukwa kwa ine zimene zinachitikazo zinali zokwanira. Koma abambo anagwira ndevu zawo, n'kumazipotokola. Kenako anati, "Ine."

Ndinayamba ndi sizasi, chifukwa zinali zitatalika kwambiri. Ndevu zikugwa pathaulo, ndinayamba kuona chimene chinali pansi pake, ndipo ndi pamene ndinamvetsa zonse. Mlomo wawo unakhotera kumanzere, tsaya la kumanja linagwa. Kuchipatala ndinaona zimenezi, koma ine sindinaziganizirenso. Iwo ndi zimene ankabisa. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akukonza nkhope za anzake sankafuna kuti anthu aone yake, ndipo sankafuna kuti timve mmene mawu akutulukira pa mlomo umenewo.

Ndinapanganso thovu lina, ulendo uno osauzidwa, iwo akungogwedeza mutu. Ndinawafunditsa thaulo lofunda kumaso, kenako n'kuwapaka. Anatsinzina. Mbali ya kumanzere inali yosavuta. Ya kumanja khungu linali lolendewera, sangathe kufufumitsa tsaya, ndiye anandiuza kuti ndizilikoka ndi zala ziwiri. Pafupi ndi chibwano dzanja linanditsetsereka, ndinawacheka pang'ono, magazi n'kutuluka pathovu loyera lija. Ndinatenga kamwala kaja, kukanyowetsa, n'kukanikiza pabalapo. Sindinachite mantha kwenikweni, chifukwa mbali imeneyo adokotala ankati saimva.

"Aaa! Iwe! Zikuwawa!"

Abambo anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kugwira pamene panali kamwalapo, kenako n'kudzitsina tsaya lomwelo.

"Ndamva," anatero. Anadzitsinanso. "Délcia... ndamva."

A Ilídio anatuluka pakhonde n'kupita kuseri, akuti kukaona nkhuku. Kwathu kuno kulibe nkhuku chiyambire chitopa cha chaka chatha.

Nditawapukuta, anaitanitsa kagalasi. Ndinazengereza, koma ndinawapatsa. Anadziyang'ana nthawi yaitali, kutembenukira uku ndi uku, kukweza chibwano. Kenako anaika galasilo pamwendo n'kupumira m'mwamba.

"Ndimayesa... nzoposa apa," anatero. Anadziyang'ananso. "Pansi pa mphuno... wasiya."

Zinali zoona, ndinali nditasiya tindevu tingapo. Nditakonza, anapempha tiyi ndi mkate, n'kumaliza zonse. Mawa lake anatiuza kuti tiwatulutsire mpando kunja kwa mpanda, m'mbali mwa msewu. Dalaivala wina wa ku Beira amene ankametetsa kwa iwo kale anaimitsa galimoto atawazindikira, ndipo anacheza mpaka anzake a m'mbuyo kuyamba kuliza mahutala.

Sindikufuna kukunamizaninso, ndiye ndinene kuti sikuti achira. Mwendo ukukokabe, dzanja lamanja likungogwedeza zala ziwiri, ndipo masiku ena mawu amawathawa, n'kukwiya, n'kukhala chete mpaka madzulo. Koma akudya. Tikumeta m'mawa uliwonse wachiwiri, thovu akumapanga okha ndi dzanja lamanzere ine nditawagwirira kambale, ndipo anamwino atamva anati tisasiye, amenewonso ndi mankhwala. Ndawatuma a Ilídio kuti akagule tiwiri totsala tija kwa dona Zita tisanapite ndi munthu wina.

Pempho langa ndi ili. Muimbe Lamlungu likubwerali tikachoka ku misa, ndidzawapatsa foni. Akamalankhula musawamalizire mawu, amadana nazo kwambiri, mungodikira. Ndipo ngati akuluakulu a kuntchito angakuloleni mwezi wa Agosto, bwerani ngakhale masiku atatu okha. Zonditukwana chifukwa cha mabodza anga mudzanditukwanire konkuno, ndidzamvera nditagwada.

Mupereke moni kwa alamu anga a Rebeca, muwauze kuti mbatata ya kachewere yachita bwino chaka chino, thumba lawo lilipo. Moni kwa Denilson ndi Élia, azilimbikira sukulu. A Ilídio akupereka moni, Natércia nayenso akuti amalume asaiwale nsomba zouma za kunyanja. Azakhali a Dionísia ndawatumizira uthenga kuti achotse nkhawa.

Ndawawerengera abambo kalatayi kuyambira pamwamba, osadumpha pena paliponse, n'kuwafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Kenako ati, "Umuuze Eugénio... asamete. Abwere nazo."

Zokhotakhota mukuziona m'munsimu ndi dzina lawo. Alemba okha ndi dzanja lamanzere, ndipo akana kuti ndiwagwirire cholembera.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Délcia

Arnaldo