Galimoto ya Esteri Ndi Yoyera

Area 25, Lilongwe
14 Okutobala

Achimwene a Morris,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino ku Limbuliko pamodzi ndi alamu anga. Kodi bondo lija linasiya kutupa? Ine kuno ndilipo, shuga ali pa 6, ndipo dzulo kunagwa kamvula ka mphindi khumi ndi ziwiri kongogonetsa fumbi. Moni wathera pamenepa, pakuti sindinalembe kuti ticheze.

Ndalemba pa pepala dala. Pa foni ndakuimbirani kasanu ndi kawiri, mwayankha kawiri, ndipo kawiri konseko munadula ndisanatsirize mawu. Pepala simungalidule pakamwa.

Nkhani ndi ya galimoto imene mwana wanga McDonald akugulira Esteri, mng'ono wanga, mlongo wanu. Mukudziwa kuti impso zake zinafooka, ndipo ayenera kukatsukidwa magazi ku chipatala cha ku Blantyre Lolemba ndi Lachinayi lililonse. Mwezi watha anayenera kupita kasanu ndi kanayi. Anapita kasanu ndi kamodzi. Kawiri minibasi zinali pa mzere wa mafuta ku Chitakale, kamodzi anakomoka pa kabaza asanafike pa msewu. N'chifukwa chake tinagwirizana za galimoto yamagetsi, yosadikira petulo.

Kwa wogulitsa kuno kuli ziwiri zazing'ono zogwirapo kale ntchito, yofiira ndi yoyera, mtengo umodzi. Inu munaziona pa zithunzi za pa foni. Ine ndapitako katatu ndi kope langa, ndi tepi yoyezera nsalu.

Galimoto zimenezi zili ndi timizere khumi ndi tiwiri tosonyeza moyo umene watsala m'batire. Yofiira yanuyo, yonyezimira ngati tomato wa pa Nkando, yatsala ndi tisanu ndi titatu. Yoyera inaphwanyika pang'ono chitseko chakumbuyo ndipo wailesi yake siilira, koma ili ndi khumi ndi kamodzi. Wogulitsayo anandiuza kuti timizereto si nkhani, n'kunditchula gogo kanayi. Ndinamuyankha kuti gogoyu anaphunzitsa masamu zaka 34, ndipo azitchaje zonse ziwiri zidzaze tikaziyese pa msewu wa ku Dedza, umene uli ndi zitunda.

Tinakwera anthu anayi akuluakulu. Yofiira inafika makilomita 81 n'kuyamba kulira kuti yatha. Yoyera inafika 137.

Kuchokera pakhomo pa Esteri kufika pa geti la chipatala pali makilomita 94. Ndinawalemba ndekha pa Isitala titabwera ndi McDonald. Chotsani 81 pa 94, achimwene, munafika Fomu 2. Yofiirayo idzazima patatsala makilomita 13, pa chitunda, dzuwa lili pamutu, wodwala ali m'kati. Mudzaikankha ndinu ndi bondo lanulo?

Zonsezi ndikadazinena mofatsa mukadakhala kuti munangokopeka ndi utoto. Chikomekome cha mkuyu chinapusitsapo anthu ophunzira kuposa inu. Koma si utoto.

Loweruka munaimbira McDonald, osati ine. Munamuuza kuti monga malume ake komanso mwinimbumba mwasankha yofiira, ndipo mawu a amayi ake asamusokoneze. Mwanayo manja anali ndi sopo, choncho anaika foni pa tebulo n'kukweza mawu. Ine ndinali pampando pomwepo ndikusankha nyemba. Ndinamva ndi makutu anga mukumutuma kuti akapinde mipando yakumbuyo ya yofiirayo, ayeze ngati bokosi lingalowe. Munati galimoto ya pabanja iyenera kuganizira za mawa, pakuti kubwereka lole ya maliro masiku ano n'kovuta, ndipo Esteri tonse tikumuona mmene alili.

McDonald sanadye tsiku limenelo. Ine nyemba zija ndinazisankha kawiri.

Mwambo ndikuudziwa, musandiphunzitse. Galimoto ikalowa m'mudzi imakhala ya maliro a aliyense, ndipo mwinimbumba ndiye amathamangathamanga zikachitika. Koma ine ndaika maliro 41 kwathuko chibadwire, ndipo sindinaonepo ngakhale amodzi olephera kufika kumanda chifukwa chosowa galimoto. Mapewa a anthu amakwana. Wamoyo wolephera kufika ku chipatala ndiye ndinamuona. Anali mayi athu, pa machila, mu 1998, ndipo kutsogolo kwa machilawo munanyamula ndinu. Ndimayesa kuti tsiku limene lija tinaphunzira phunziro limodzi.

Tsono imvani zimene zachitika. McDonald watenga yoyera. Ibwera pa lole mpaka ku Limbe pa 28 mwezi uno. Makiyi adzasunga Janet, mwana wa Esteri, amene ali ndi laisensi ndipo samwa. Esteri akakhala pa makina maola anayi aja, Janet aziitchaja kwa mnzake wa ku tchalitchi wokhala pafupi ndi chipatala. Makilomita 43 otsala kuphatikiza olowa pa maola anayiwo akwana kubwerera, ndipo pobwerera n'kotsetsereka. Matumba anu a chinanazi sadzakweramo. Misonkhano yanu ya ku boma mudzapita pa minibasi monga kale.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndikulipempha chifukwa pa nyumba zisanu ndi zinayi za mbumba yathu, magetsi ali pa yanu yokha. Lolani kuti aike soketi pakhonde panu, galimotoyo izitchajidwa Lamlungu ndi Lachitatu kuyambira m'mawa, kuti ngakhale magetsi atazima pakati pa tsiku ipeze nthawi yodzaza. Mayunitsi azigula McDonald. Musaikepo mfundo zina, musapemphe makiyi.

Mukakana, a Arsenio a pa chigayo avomera kale, ndipo sanandifunse funso lililonse. Kungoti pa chigayo pamadutsa mudzi wonse, ndipo aliyense wodzagayitsa adzafunsa chifukwa chimene galimoto ya wodwala ikutchajidwira kwa anthu ena pamene mlongo wake ali ndi magetsi. Ine wondifunsa ndidzamuyankha zoona. Ndidikira yankho lanu mpaka pa 25.

Esteri sakudziwa zimene munanena. Sindinamuuze, McDonald sadzamuuza, ndipo inu mukakhala ndi nzeru simudzazitchulanso.

Popeza munafuna muyeso, ndakuyezerani kuti musavutitsenso mwana wanga. M'yofiira, mipando itapindidwa, muli mafiti asanu ndi limodzi ndi mainchesi awiri. Bokosi likadalowa, munaona bwino. M'yoyera muli mafiti anayi ndi theka. Ndayeza kawiri. Sililowa, ngakhale mopingasa.

Moni kwa alamu anga, kwa ana anu onse asanu ndi zidzukulu, kwa azakhali a ku Nkando, ndi kwa Janet. Kwa Esteri mupiteko nokha ndi miyendo yanu, osatuma munthu. Mukamuuze kuti mpando wake ndi wakutsogolo, umapendekeka bwino, ndipo ndaukhalira ndekha makilomita 137 osamva msana.

Ndine mlongo wanu, wokwiya koma wanu ndithu,
Florinda