Gudumu la a Kolodziej Enawo

Lolemba, 3 Juni

M'nyumba muno mwazizira kuposa kunja. Elenice sakudya, Apongozi, bambo a malemu mwamuna wanga, sakulankhula, ine ndikungophikira nkhumba.

Zinayamba dzulo. Mwana wanga Elenice anabwera ndi mnyamata wake, Osni, uja amakonza mathirakitala kutauni ya Irati. Waulemu, chipewa m'manja. Apongozi anamulandira bwino, mpaka kumuthirira okha chikho cha tiyi wathu wa masamba otchedwa mate. Kenako anamufunsa dzina la makolo ake.

"Kolodziej, Agogo."

Chikho chinaima m'malere. "Kolodziej ndife. Ndiye kuti ndiwe mdzukulu wanga. Mlongo wako ungamukwatire bwanji?"

Osni anaseka, ankayesa nthabwala. Ine dzinalo ndinkalidziwa kale, ndinangoti zikaoneka konko. Zaonekadi.

Lachiwiri, 4 Juni

Elenice wandipeza ndikukama ng'ombe. Akuti mwezi uno ukatha Agogo asanavomere, iye ndi Osni apita kumzinda wa Curitiba, akamangitsa ukwati kuboma, ndipo kuno sadzapondanso. "Sindikukuopsezani, Mayi, ndikungokuuzani." Ndikumudziwa. Mutu ndi wa malemu bambo ake. Mwamuna ndinaika m'manda, mwananso ndimutaye ali moyo? Ndikuopa, ndisaname.

Koma Apongozi si munthu wankhanza. Mlongo wawo, a Apolonia, anakwatiwa ndi msuweni wawo, ana onse anamwalira ali makanda. Mabokosi a maliro awo anakhoma ndi Apongozi omwewa ali mnyamata. Sazinena, koma ndi zimenezo.

Lachinayi, 6 Juni

Ndinapita kuholo ya tchalitchi kumene a Tadeu, aphunzitsi opuma aja, amaphunzitsa Chipolishi ndi kuthandiza ofufuza za makolo awo. Mabuku a ubatizo akuti tiiwale, anapsa limodzi ndi tchalitchi chakale chamatabwa. Koma za mayina anandimasulira bwino. Akuti kudziko la Apolishi, kumene makolo athu anachokera, munthu ankamutchula ndi ntchito yake, kapena mudzi wake, kapena dzina la bambo ake, kapena maonekedwe ake basi, dzinalo n'kumatirira ana mpaka lero. Kowal ndi wosula zitsulo. Bednarz wopanga migolo. Kolodziej wopanga magudumu a ngolo.

"Ndiye taganizani, mayi. Mudzi uliwonse unali ndi ngolo, mudzi uliwonse unali ndi Kolodziej wake. Onsewo angabadwe mimba imodzi?"

Ndinafunsa la kwathu, Wrobel. Akuti ndi mpheta. Amayi onse m'holomo anafa nacho chiseko, ati n'chifukwa chake pakamwa sipatseka. Zaka zonsezi ndine mpheta osadziwa!

Ndinabwerera ndikuimba. Ndinawafotokozera Apongozi zonse mwadongosolo. Iwo: "Iwe, ukundiphunzitsa dzina langa? Tadeuyo anagwirapo sompho? Kolodziej ndi Kolodziej." Anatembenukira kumbaula, nkhani n'kuthera pomwepo.

Loweruka, 8 Juni

Chisanu chapha nyemba zonse. Elenice watsitsa sutikesi pamwamba pa kabati, akuti akungoipukuta fumbi.

Lamlungu, 9 Juni

Itatha Misa ndinauza Apongozi kuti ndikukaona wodwala, n'kukwera basi kupita kwa agogo ake a Osni, a Bronislava. Kanthu kakafupi, kamaso akuthwa, kolankhula kuposa ine. Anandidyetsa pierogi, timikate tija towiritsa toika tchizi mkati, mpaka ndinamasula lamba. Dzina la mudzi wa makolo a amuna awo analiiwala, akungokumbukira kuti anachokera kumbali ya dziko la Apolishi imene inkalamulidwa ndi Arasha. Athu anachokera kumbali ya Ajeremani, zimenezo Apongozi amazinena tsiku lililonse.

Potuluka ndinaona gudumu lakale litapachikidwa pakhoma la shedi, maluwa atalizinga. Akuti analipanga agogo a amuna awo atangofika kuno. Nafenso tili nalo lathu, pa ngolo ija yaola kuseri kwa chigafa cha fodya. Ndinalisisita. Losalala bwino, mkombero wake wonse ndi mtengo umodzi, wopinda ngati chibangili. Lathu ndi lazidutswa zolumikiza.

Kunyumba ndinaulula kumene ndinapita, ndi za Arasha zija. Apongozi: "Abale amasamuka." Mutu umenewu ungaswere mtedza.

Lolemba, 10 Juni

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Za ukwati sindinatchule. Pa chakudya ndinangoti, ndikuyang'ana m'mbale, "Koma gudumu la a Kolodziej enawo ndi lokongola. Lopanda cholumikiza paliponse. Lathuli ndi lazigamba ngati buluku la mlenje."

Supuni ya Apongozi inagwera m'mbale.

"Zigamba? Iwe mpheta, wati zigamba?"

A Tadeu aulula kale dzina langa mudzi wonse, aone. Titatha kudya ndinawamva Apongozi akufunsa Elenice kuti basi ya kumeneko imadutsa masiku ati. Aka n'koyamba kumulankhula chiyambire nkhaniyi.

Lachitatu, 12 Juni

Ndilembe ndisanaiwale.

Tinapita atatu. Apongozi anavala jekete la kumaliro. Titafika, moni wa a Bronislava anangouyankha theka, ulendo wa kushedi. Osni anali pomwepo, anatsitsa gudumu lija n'kuliika pansi. Apongozi anagwada, munthu amene m'tchalitchi amati mawondo amakana. Anayendetsa chala kuzungulira mkombero wonse, kufuna polumikizira. Anapeza pamodzi pokha. Analigogoda ndi ndodo, kumvetsera, kuligogodanso.

"Anauphika mtengowu," iwo. "Anaufewetsa ndi nthunzi, n'kuupinda wonse. Ulesi! Mmisiri weniweni amasema chidutswa chilichonse pachokha. Agogo anga akanapeza mwana wawo akupinda chonchi akanamudula makutu."

A Bronislava manja m'chiuno: "Achimwene, gudumu limeneli linanyamula masamba a tiyi wa mate kuchoka kuno mpaka kumtsinje, lanu likugwedera mano ngati inu nomwe."

"Ndani mchimwene wanu? Amene anapanga ichi si wathu! M'banja mwathu simunabadwe munthu wopinda mtengo, ngakhale msuweni wa msuweni. Ntchito imeneyi mwana amaitengera kwa bambo ake, bamboyo kwa bambo akenso. Dzanja silinama."

Elenice anandifinya mkono mpaka pano pali chizindikiro. Ndinati mwakachetechete, "Ndiye si abale athu, Apongozi?"

Anadziwa kuti ndawatchera, ndinaona m'maso. Ndinayesa andikalipira pagulu. Koma anangoweramira gudumu lija, n'kunena motsitsa mawu, ngati akuuza mtengowo, "Apolonia akanakhala ndi mwayi wotere." Misozi inandilengeza, ndinapita kukathandiza kukhitchini.

Pobwerera m'basi Apongozi sanati inde, sanati ayi. Anangodandaula kuti pierogi za mayi uja mchere wachepa.

Lachinayi, 13 Juni

Sutikesi idakali pansi. Sindikufunsa munthu.

Loweruka, 15 Juni

Ndinadzidzimuka ndi phokoso kuseri kwa chigafa, ndinayesa ng'ombe yathyola khola. Ndinapeza Apongozi ndi Osni akukoka ngolo ija m'zitsamba, onse awiri matope mpaka m'mawondo. Anamuitanitsa okha dzulo, ine osandiuza. Akumukalipira ngati mwana wobala okha.

"Gwira bwino, iwe Kolodziej wabodza! Mathirakitala, mathirakitala, sompho osadziwa kogwira. Dzina limeneli ukulisenza ulele."

"Ndiphunzitseni, Agogo."

"Ndikuphunzitsa nanga ndikutani? Koma mdzukulu wanga sakwera gudumu lopinda popita kutchalitchi. Lathu, lazidutswa. Wamva?"

Elenice anali pakhomo ndi ndowa ya mkaka, ndowayo inapendekeka, mkaka n'kumatayikira pa nsapato osazindikira. Apongozi anatembenuka.

"Waimiranji pamenepo? Bwera ukhale pa thabwa ili ndione ngati mukwanepo awiri. Ndipo uza mpheta ikagule utoto wobiriwira wopaka ngoloyi."