Dzina Limodzi Pakati pa Mayina Makumi Anayi

KOMITI YOTSIMIKIZA NDI KUKWEZA APHUNZITSI, SUKULU YA ZAMALONDA YA PA YUNIVESITE

Tsiku: Lachinayi, pa 9 Novembala
Malo: Chipinda cha misonkhano cha pamwamba, chija chazenera losatseguka

Opezekapo:
Wapampando, amenenso ndi Mkulu wa Sukulu ya Zamalonda
Pulofesa wa za Chuma, odziwika ndi dzina loti a Ndekha, amenenso ndi alamu awo a Wapampando
Mayi Woyang'anira Laibulale
Woimira Aphunzitsi
Mlembi

Osapezekapo:
Wachiwiri kwa Wapampando, amene anapepesa kuti ali ku maphunziro a kasungidwe ka nthawi. Uthenga wopepesawo unafika msonkhano utatha.

1. Kutsegulira

Wapampando anatsegulira msonkhano tiyi atafika. Anati nkhani yaikulu ndi imodzi yokha, ndipo anapempha mamembala kuti asaitalikitse chifukwa m'chipindamo mukutentha.

2. Zokambirana za msonkhano wapitawo

Zinavomerezedwa osawerengedwa. A Ndekha anapempha kuti pamene panalembedwa kuti "anakalipa" pakonzedwe kukhala "anatsindika". Mlembi anakonza, ngakhale makutu ake akukumbukira zina.

3. Kutsimikiza ntchito ya Dokotala wophunzitsa za maganizo a ogula malonda

3.1 Wapampando anafotokoza kuti Dokotala, amene ophunzira amawatcha Mayi Msika chifukwa theka la maphunziro awo limachitikira m'misika ndi m'masitolo, amaliza zaka zawo zoyesedwa. Kontrakiti yawo ikutha kumapeto kwa mwezi uno. Komiti ikawatsimikiza, ntchito ikhala yokhazikika. Ikakana, abweza makiyi a ofesi ndi a nyumba ya yunivesite, mmene akukhala ndi ana awo awiri komanso bambo awo odwala miyendo.

3.2 Mayi Woyang'anira Laibulale anapereka lipoti la kafukufuku wa Dokotala. Anati Dokotala amayerekeza mmene anthu a mayiko osiyanasiyana amaganizira pogula zinthu: amene amagula zokomera mtima wawo, amene amagula zoti achibale asawanene, ndi zimene manyazi amachita munthu akagula chinthu chakufa. Anapereka chitsanzo cha ketulo yongogulidwa kumene koma yakufa. Kwina munthu amabwerera kusitolo ketulo ili m'manja, kwina amaiika pamwamba pa kabati n'kumauza alendo kuti ndi yabwino zedi, makamaka ngati anamugulitsa ndi wachibale. Anawonjezera kuti mapepala a Dokotala anatuluka m'magazini aulemu wawo, ndipo ofufuza a kwina amawatchula kawirikawiri. "Ngakhale mutatiphatikiza tonse tili m'chipinda muno, sitingafike theka lawo," anatero. Wapampando anapempha kuti mawu oti "tonse" asalembedwe. Mlembi akuliganizirabe pempholo.

3.3 A Ndekha anaseka, nati munthu wosunga ketulo yakufa chifukwa cha manyazi ndi wosaphunzira, ndipo palibe chifukwa choyendera dziko lonse kuti udziwe zimenezo. Kenaka anatembenukira kwa Wapampando. "Alamu, firiji ija ndinakugulitsani ikuzizirabe bwino?" Wapampando anayankha kuti, "Ikuzizira kwabasi, alamu." Mlembi, amene amalowa mu ofesi ya Wapampando tsiku ndi tsiku, akudziwa kuti m'firijimo mumakhala mafayilo akale ndi nsapato zosinthira, ndipo chingwe chake chinakulungidwa sabata yomwe inafikayo.

3.4 A Ndekha anakumbutsa Komiti za lamulo la malikisi, limene analilemba ndi iwo omwe. Pepala lililonse lofalitsidwa limalandira malikisi khumi, ndipo malikisiwo amagawidwa mofanana kwa onse amene mayina awo ali pamwamba pake, kuti aulesi asamakwere pamsana pa anzawo. Wofuna kutsimikizidwa ayenera kukwanitsa malikisi a mapepala atatu athunthu. Koma pa mapepala a Dokotala pamakhala wofufuza m'modzi wa dziko lililonse limene lafufuzidwa, moti ena ali ndi mayina makumi anayi. A Ndekha anatulutsa kalikuleta, anadinadina mokweza, nalengeza kuti mapepala onse a Dokotala akagawidwa sakukwana ngakhale pepala limodzi. "Zaka zonsezi mayiwa alemba kachidutswa. Ine anga ndimalemba ndekha, dzina limodzi pamwamba, malikisi khumi osagawana ndi munthu."

Mayi Woyang'anira Laibulale anati mapepala a Pulofesa amatuluka m'magazini ya sukulu yomwe ino, imene mkonzi wake ndi Pulofesa yemweyo, ndipo makatoni a magaziniyo ndi amene amagwiriziza chitseko cha laibulale kuti chisamamenyetseke ndi mphepo. A Ndekha anatsindika kuti chitseko sichili pa mndandanda wa zokambirana. Anatsindika kwa kanthawi ndithu, mpaka tiyi anatayikira pa tebulo.

3.5 Dokotala anaitanidwa kuti adzadziyankhulire. Analowa atanyamula mapepala awo onse pachifuwa, koma palibe amene anapempha kuwaona. Atamva za kugawa malikisi anati, "Bambo Wapampando, kafukufuku woyerekeza anthu a mayiko makumi anayi munthu sangamuchite yekha. Ine miyendo ndili nayo iwiri, zilankhulo ndimadziwa zitatu. Mnzanga aliyense amafunsa ogula a kwawo m'chilankhulo chawo, ine ndimakonza mafunso ndi kusanthula mayankho onse. Mutu umodzi susenza denga."

A Ndekha anati Komiti sikweza denga pantchito, imakweza mutu. Anawalangiza ngati mwana wawo kuti achepetse mayiko. "Limodzi likukwanirani, mayi."

"Ndiye ndiliyerekeze ndi liti, a Pulofesa?"

"Ndi lomwelo. Kapena anzanuwo muziwathokoza kumapeto, m'timalemba ting'onoting'ono, pamwamba pazikhala inu nokha. Ambiri amatero."

Dokotala anati anthuwo anayenda padzuwa ndi pamvula monga iwo, ndipo kufufuta mayina awo ndi kuba. A Ndekha anapempha kuti mawu oti "kuba" alembedwe, poti akuonetsa khalidwe la wopemphayo. Alembedwa.

Woimira Aphunzitsi, amene mpaka pano anali asanatsegule pakamwa kupatula pomwa tiyi, anafunsa Dokotala ngati n'zoona kuti sopo wodula amachita thovu kwambiri kuposa wotsika mtengo, chifukwa kunyumba kwawo nkhaniyi yavuta. Dokotala anayankha mwaulemu ndi mwatsatanetsatane. Ili ndi funso lokhalo lokhudza kafukufuku wawo limene anafunsidwa.

Asanatuluke, Dokotala anati, "Bambo Wapampando, ine sindikupempha chifundo. Ndikungopempha kuti wina awerengeko pepala limodzi lokha musanagamule." Wapampando anawathokoza chifukwa cha maganizo abwinowo, nawapempha kuti akadikire pabenchi la pakhonde.

3.6 Mayi Woyang'anira Laibulale anawerenga ndime ya malamulo imene imapatsa Wapampando mphamvu zoika pambali lamulo la malikisi ngati mtundu wa kafukufuku ukufuna olemba ambiri. Anati ngati ndimeyo sigwira ntchito lero, ndiye kuti inangolembedwa kuti idzaze tsamba. A Ndekha anati kutsegula khomo limenelo ndi kunyoza iwo amene analemba lamulolo, ndipo nkhani yotere singathere m'chipinda muno, ikafika mpaka kunyumba. Pamenepa anayang'ana Wapampando. Wapampando anayang'ana zenera.

Povota, Mayi Woyang'anira Laibulale anati Dokotala atsimikizidwe. A Ndekha anakana. Woimira Aphunzitsi anati iwo ali kumbali ya ambiri. Atauzidwa kuti ambiriwo sanapezeke, anati adikira. Zonse zinatsalira Wapampando.

Wapampando anayankhula nthawi yaitali. Anati Dokotala ndi munthu wakhama, wodzichepetsa, wokondedwa ndi ophunzira, ndipo sukulu ino imawanyadira. Anati iwo eni mtima ukuwawawa. Kenaka anati, "Koma alamu anenanso zomveka. Lamuloli likugwira ntchito bwino kwabasi." Woimira Aphunzitsi anakweza mkono nthawi yomweyo, poti ambiri anali atapezeka.

CHIGAMULO: Ntchito ya Dokotala isatsimikizidwe, chifukwa chosowa umboni wokwanira wa kafukufuku. Abweze makiyi pofika kumapeto kwa mwezi. Mlembi alembe kalata.

Mlembi alibe voti, ndipo ntchito yake ndi kulemba zimene zanenedwa. Koma pepala lino ndi lake, ndiye alembapo kuti zinamunyansa.

4. Zina ndi zina

4.1 Wapampando anati ofesi yotsatsa yunivesite yapempha dzina la mphunzitsi m'modzi wa sukulu ino amene kafukufuku wake ndi wodziwika kwambiri kunja, kuti chithunzi chake chiikidwe pa chikwangwani chachikulu cha pageti ndi pa timabuku tokopa ophunzira a chaka chamawa. A Ndekha anakonza tayi. Wapampando anapepesa, nati ofesiyo yafufuza kale yokha ndipo yatchula Dokotala. Chikufunika ndi chilolezo cha Komiti basi. Pansi pa chithunzicho padzalembedwa kuti, "Bwerani mudzaphunzire kwa akatswiri odziwika dziko lonse."

4.2 Mayi Woyang'anira Laibulale anafunsa ngati Komiti ikudzimva zimene ikunena. Wapampando anati nkhani ya nambala 3 ndi ya nambala 4 ndi zosiyana, ndipo sibwino kuzisakaniza. Woimira Aphunzitsi anati chikwangwani chikhoza kuwathandizanso Dokotala posaka ntchito kwina, popeza chili pamsewu waukulu. Mayi Woyang'anira Laibulale anatola chikwama chawo natulukira khomo lakumbuyo.

4.3 A Ndekha anachenjeza kuti munthu amene wangolandira kalata yotere nkhope yake siikopa ophunzira. Komiti inaona kuti ndi mfundo yanzeru. Inagwirizana kuti wojambula abwere mawa m'mawa, kalata iperekedwe chithunzi chikatuluka bwino, ndipo pakadali pano Mlembi angowauza Dokotala za kujambulitsa kokha, osawonjezera kanthu.

5. Msonkhano wotsatira

Udzachitika Lachinayi loyamba la mwezi wamawa m'chipinda chomwechi. Nkhani yaikulu idzakhala yolemba ntchito mphunzitsi watsopano wa za maganizo a ogula malonda.

6. Kutseka

Wapampando anathokoza mamembala chifukwa cha umodzi umene anaonetsa, natseka msonkhano nthawi ya nkhomaliro itapitirira. Amuna onse atatu anatsikira masitepe akumbuyo. Mlembi yekha ndiye anatulukira pakhonde, poti ofesi yake ili kumeneko.

Dokotala anali akadali pabenchi, mapepala ali pamiyendo. Anaimirira msanga. "Achemwali, zayenda bwanji?"

Mlembi anachita monga Komiti inamulamulira. Anati, "Akuti mawa m'mawa mubwere mutatchena. Akufuna chithunzi chanu pa chikwangwani cha pageti."

Dokotala anagwira dzanja la Mlembi ndi manja onse awiri. Anati usiku wonse sanagone. Kenaka anafunsa ngati diresi yawo yobiriwira ingaoneke bwino pachithunzi.

Mlembi anati ingaoneke bwino.

Zatsimikizidwa kuti ndi zimene zinachitikadi:

Wapampando: ______________________

Mlembi: ______________________