Phiri Lija Likadalipo, Amayi

Amayi anga, kodi kumene muliko zikuyenda bwanji? Ife kuno kwa Malomo tilipo ndithu. Musadabwe ndi zilembo zokhotakhotazi, ndine Esinati wanu, ndikulemba ndi dzanja langa. Cholembera ndinachiika pansi zaka zinayi zapitazo maso atayamba kuchita nkhungu, ndiye dzanja laiwala njira.

Ndiyambe ndi zabwino. Feliya, mdzukulu wanu wamakani uja, anachira mwezi wa Epulo, mwana wamkazi, ndipo tinamutcha dzina lanu. Chimanga chaka chino chachitako bwino, kungoti anankafumbwe alowa kale m'nkhokwe. Ana akupita kusukulu yaulere, ena opanda ndi yunifolomu yomwe, ndipo kumsika kulibenso wotiimitsa kufunsa khadi la chipani. Fodya wa bale tsopano tikulima tokha pamunda pathu, si wa kuesiteti kokha ayi.

Fodya yemweyo ndiye anandiulula. Ndinu munandiphunzitsa kusankha masamba, ofiira paokha, achikasu paokha, n'kumati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinadekha, amayi, koma chaka chatha ndinasakaniza onse, mpaka belo lathu linabwezedwa kuokushoni. Bambo a Feliya sanakalipe. Anangoti, "Mayi, mwayamba kupapasa khoma ngati malemu amayi anu." Inali ng'ala, yomwe ija inakutsekani inu.

Kenaka galimoto ya achipatala cha maso inabweranso kwa Malomo. Ndati inabweranso. Apa ndi pamene ndakhala ndikuzungulira, chifukwa pali chimene sindinakuuzeni muli moyo.

Mukukumbukira chaka chomwe inabwera koyamba, inu mutatha zaka zitatu mumdima? Mudzi wonse unkati kuchipatalako amakolowola diso la munthu n'kuikamo la mbuzi. Inu munati, "Esinati, tiye tikangomva." Amene anakana ndine. Tsiku limene azaumoyo ankayenda m'mudzi kulemba maina, ndinakugwirani dzanja n'kukakukhazikani m'chigafa, kuseri kwa fodya, ati panja pali dzuwa loswa mtengo. Iwo ndinawauza kuti mwapita kumaliro ku Chisepo. Ndinanamiza iwo, ndinanamizanso inu. Pambuyo pake ndinkakudonthezerani m'maso madzi a masamba aja a kwa asing'anga, inu n'kumangoluma mano. Munakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi pakhonde paja. M'mawa uliwonse munkandiseka kuti, "Kodi phiri la Ntchisi likadalipo, kapena analisamutsa?" Ine n'kumayankha kuti lilipo, osadzutsa n'komwe mutu pamtondo.

Ulendo uno Feliya sanandifunse. Analembetsa dzina langa, n'kundikweza galimotoyo ngati thumba la chimanga, iye khanda lili kumbuyo. Pofika pa Mponela n'kuti nditamaliza mapemphero onse amene ndimadziwa. Ku Lilongwe, atandigoneka pabedi lawo lija, ndinafunsa adokotala ngati mbuzi yake aipha kale. Anaseka mpaka anesi anawathandiza kuseka. Anandibaya jakisoni pambali pa diso, n'kumandichezetsa za mvula ya kwathu kuno. Amayi, nyemba zimachedwa kupsa! Ndikadali pakati pofotokoza za nyemba zathu zomwe zinaola m'munda, ndinangomva akuti tamaliza. Palibe mbuzi inafa. Amangochotsa kanthu koyera kamene kamatchinga kaja, basi.

M'mawa mwake anamasula bandeji n'kundiveka magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Choyamba kuona chinali chitenje cha Feliya, chobiriwira cha maluwa ofiira, chomwe ine ndinkachiyesa chotuwa. Kenaka khanda lija. Anthu ankandiuza kuti lafanana nanu, koma aaa, kunali kungonditonthoza, mphuno ndi chipumi zonse n'zakuchimuna. Inu ndinakupezani pena. Popita kubafa ndinadutsa pa kalilole wa pakhoma, ndipo ndinaima chilili n'kufuula kuti, "Amayi!" Imvi zanu, masaya anu olowa aja, ngakhale kapendekedwe ka mutu. Sindinkadziwa kuti ndakalamba chonchi. Ndinalira pompo, anesi n'kuthamanga poganiza kuti diso likuwawa.

Diso silinkawawa. M'wodimo munali agogo ena a ku Dowa, aakulu kuposa mmene inu munalili, ndipo atawamasula bandeji anavina chimtali pakati pa mabedi. Ine ndinkawayang'ana n'kumaganiza za inu. Bwenzi mutaona ukwati wa Feliya ndi maso anu, osati kungomva nthungululu. Bwenzi mutavota nokha pa chisankho chija cha nyali ndi tambala, osati ine kukugwirirani dzanja. Munkakonda kunena kuti safunsa anadya phula. Wosafunsa ndinali ine, koma phulalo munadya ndinu. Mundikhululukire, amayi. Ndinkaopa, ndinkayesa kuti ndikukutetezani. Ndakusowani kwabasi, ndipo chiyambire kuona ndiye ndikukusowani koposa, chifukwa chilichonse ndikachiona ndimafuna kukuitanani kuti nanunso mudzaone.

Tsono mverani izi. Amayi aang'ono aVelina, mng'ono wanu wa ku Chisepo, nawonso ng'ala yawagwira maso onse awiri. Ana awo akuti sangawapereke kuti akaikidwe diso la mbuzi. Ndinapitako Loweruka, ndinavula magalasi, n'kuwauza anawo kuti, "Tasuzumirani umu, ngati muli mbuzi muitulutse tidye." Anaseka, koma sanavomere. Ndinaona mwana wawo wamkulu akuyang'ana kuchigafa, ndipo mayang'anidwe amenewo ndimawadziwa ine.

Galimoto ikubweranso mwezi wamawa kudzanditenga kuti akakonze diso lachiwiri. Ndikukulonjezani kuti sindikwera ndekha. Ndikagona ku Chisepo sabata yathunthu ngati kungafunike, andinene kuti ndine wamakani, andithamangitse kumene. Dzanja limene linakulowetsani inu m'chigafa ndi lomweli likawatsogolere amayi aang'ono mpaka pakhomo la galimoto.

Ndatsala pang'ono kuiwala. Tsiku lobwerera kuchokera ku Lilongwe ndinakakhala pakhonde panu paja, pamalo penipeni pomwe munkayala mkeka. Ndinapukuta magalasi ndi chitenje n'kudzutsa mutu. Phiri lija likadalipo, amayi, sanalisamutse. Ulendo uno ndaliyang'ana ndithu ndisanakuyankheni.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati