Dzanja la Kompadre

Havana,
19 Seputembala 1989

Okondedwa achemwali Hortensia,

Ndi ulemu wonse woyenera nkhani za boma, ndikulengeza kwa inu ndi kwa onse amene munathawira nawo ku Hialeah, ku Amereka, kuti buku la zithunzi za mwana wathu Maidelín labwerera kunyumba. Labwera lopukutidwa fumbi, lomangidwa kariboni kofiira, koma laonda. M'mbiri yonse ya Cuba, ndipo mbiriyo ndinaiphunzira mpaka kutenga digiri, aka ndi koyamba kuti chinthu chikagone kwa munthu wa boma n'kubwerako chitaonda.

Kalatayi aitenga pamanja sisitere wina wa ku Spain, choncho ndilemba ngati mlongo wanu, osati ngati nzika.

Mukukumbukira kuti chaka chatha Maidelín anakwanitsa zaka khumi ndi zisanu. Paja kuno bambo amalolera kugulitsa firiji, bola mwana avale diresi lalitali ndi kujambulitsa. Ine sindinagulitse kanthu, chifukwa ndili ndi kompadre. Ndikunena Baldomero Quiñones, yemwe uja munkamuthamangitsa kukhitchini akamaba nthochi zokazinga. Ndi kompadre wanga chifukwa ndi iye ananyamula Maidelín pa ubatizo, mwakabisira, popeza wachipani saloledwa kudziwana ndi Mulungu anthu akuona. Masiku ano ndi bwana ku ofesi yosaka akazitape.

Baldomero anabweretsa nkhumba, mowa wa ramu, diresi la ku Panama, ndi mlendo wa ku Colombia wa wotchi yagolide, Bambo Jairo, amene akuti amagulitsa mafiriji. Chithunzi chachikulu cha tsikulo muli nacho, tinakutumizirani chimodzi. Maidelín ali pakati, Baldomero waika dzanja limodzi paphewa la mwanayo, linalo wakolowekera m'khosi mwa Jairo, ndipo kumapeto kuli mwana wathu wamwamuna Orestes, m'yunifolomu, akuseka mano onse pamtunda.

Ntchito ya Orestes anamupezeranso ndi Baldomero: kuyendetsa boti lolondera gombe. Nthawi zina ankatumidwa kukachingamira maboti othamanga kufupi ndi Varadero n'kuwaperekeza. Tsiku lina anafunsa Baldomero, ine ndili pomwepo.

"Amalume, kodi m'mabokosi aja mumakhala chiyani?"

"Zipangizo za m'zipatala, mphwanga. Amereka atitsekera khomo, ife tikulowera pawindo. Lamulo lachokera kumwamba, ndipo sindikunena kwa Mulungu."

Tonse tinaseka. Ine ndinaseka kwambiri, mpaka kumupempha kuti andibwereke nthabwalayo.

Munali kokeni, achemwali, mankhwala ozunguza bongo aja. Zotsatira zake munazimva pa wailesi zanu kumeneko tisanazimve ife eni ake. Mu Juni anayamba kumanga anthu, akulu ndi ang'ono. Orestes anamutenga akudya buledi wam'mawa. Posecha m'nyumba ananyamula makalata ake ndi zithunzi zake zonse, ngakhale cha ku sukulu ya mkaka. Buku la Maidelín linapulumuka chifukwa linali kwa mayi wometa tsitsi wa pakona, likuyamikiridwa.

Mlamu wanu Nereida, amene alibe digiri koma ali ndi maso, anakalitenga tsiku lomwelo. Anati chithunzicho tikachipereke kwa loya, aone yekha kuti Jairo anabwera ndi ndani.

Lamlungu lake kunafika Baldomero ndi paketi ya khofi weniweni, wosasakaniza ndi nandolo.

"Kompadre, mwatha chonchi bwanji? Komadre Nereida, munthuyu mukumudyetsa mabuku?"

"Mwana wanga ali kuti, Baldo?" anatero Nereida, osamupatsa mpando.

"Ali m'manja mwanga. Alipo manja ena abwino kuposa awa? Ayankha timafunso tiwiri, kenako abwere adzakutherereni nyemba."

Anakhala yekha pampando, n'kuyamba kudandaula za bondo lake ndi za timu yathu ya Industriales. Atanyamuka kuti azipita, anadzimenya pamphumi.

"Ndikanaiwala! Mkazi wanga andidya wamoyo. Mwana wa mng'ono wake akukwanitsa zaka khumi ndi zisanu, ndiye akufuna telala aone diresi lija. Tabwerekeniko buku lija, kompadre, libwera Lachitatu."

"Evelio, tabwera undithandize kuno," anaitana Nereida ali kukhitchini, kumene kunalibe chothandiza. Nditalowa anandigwira malaya. "Ukamupatsa, ndiwe chitsiru cha digiri."

"Mayi, bukuli lazungulira msewu wonse. Lagona kwa wometa tsitsi, lagona kwa wogulitsa palafini. Ndimane munthu amene anagula diresilo? Ndipo mwana ali m'manja mwake."

"N'chifukwa chake ndikunena."

Inu mukudziwa, achemwali, kuti buku la zaka khumi ndi zisanu silimanidwa. Kumana mnansi ndi mwano, kumana kompadre ndi kulengeza nkhondo. Ndinaganiza kuti munthu amene anagwira kandulo ya mwana wanga akuchita mantha ngati ine, ndipo akaona kuti ndikumukhulupirira, adzachita manyazi kutipweteka. Ndinalikulunga m'nyuzipepala kuti lisade, n'kumupatsa. Pakhomo anandipsompsona patsaya.

Lachitatu lija linadutsa. Ndinapita kwawo mpaka galu wake anasiya kundiuwa. Ndinathamangira kwa amene anajambula zithunzizo kuti andipatse zina, ndinapeza chitseko chokhoma ndi chikwangwani chakuti akukonza denga.

Ku khoti la asilikali anatilola kukhala kumbuyo. Mboni ya boma inali Baldomero, ndipo ndi iyenso anafufuza mlanduwo, kuti boma lisawononge ndalama pa anthu awiri. Anagwira pachifuwa. Anati dzina lakuti Jairo walimva koyamba m'kamwa mwa woimbidwa mlandu. Anati mnyamatayu amamudziwa kuyambira ali wakhanda, ndipo mtima wake wasweka poona kuti dyera lingalowe m'nyumba ya anthu ophunzira. Anatulutsa ndi mpango womwe. Ku zisudzo za ku yunivesite tinkamupatsa mbali yokhala mtengo. Sitinadziwe kuti tikukwirira luso.

Loya atanena za chithunzi, woweruza anafunsa kuti chili kuti. Orestes anatembenuka kundiyang'ana. Anamugamula zaka makumi awiri. Baldomero boma linamupatsa galimoto yatsopano ya Lada.

Ndiye sabata yatha dalaivala wake wabweretsa buku lija, pamodzi ndi paketi ina ya khofi. Wina anakhala pansi ndi sizasi, tsamba ndi tsamba. Jairo mulibe. Baldomero mulibe. Orestes mulibenso, ngakhale pamene ankavina ndi mayi ake: Nereida watsala akukumbatira bowo. Koma wodulayo anali munthu waulemu, sanafune kuwononga diresi. Pa chithunzi chachikulu chija wasiya dzanja paphewa la Maidelín, zala zinayi ndi mphete, lopanda mwini.

Maidelín analiyang'ana nthawi yaitali. "Ababa, poti inu ndinu a mbiri, dzanjali ndi la ndani?"

"La Boma, mwanangu."

Sanaseke. Anati, "Muliuze lindisiye," n'kukadzitsekera kuchipinda.

Tsopano pempho langa. Chithunzi chathunthu chatsala chimodzi padziko lapansi, ndipo chili pamwamba pa wailesi yakanema yanu. Ndikudziwa kuti alamu anga a Gualberto akangowerenga izi avala jekete kuti athamangire nacho kwa atolankhani, adzamveke pa wailesi akugwetsa boma. Agwireni mwendo. Baldomero anandiperekeza tsiku lina mpaka pageti, dzanja lili paphewa panga, n'kunena mokoma kuti chithunzi china chikadzaoneka kunja, ndende ili ndi zipinda zapansi zomwe makolo saloledwa kufikako. Panopa Orestes timamuona kamodzi pamwezi. Sindisinthanitsa zimenezo ndi choonadi, ngakhale ndaphunzitsa ana a eni kuti choonadi chimaposa zonse.

Chitani chonchi. Tengani sizasi, mudule nkhope ya Orestes yokha, kachidutswa kokwana m'buku la mapemphero la sisitereyu pobwerera. Chotsalacho muwotche. Inde, ndikukupemphani ntchito yomwe ija. Musandiuze, ndikudziwa.

Moni kwa alamu ndi ana. Muwauze kuti mankhwala a bondo aja anafika. Maidelín akupereka moni kwa azakhali ake. Nereida akuti akukukumbukirani m'mapemphero. Uthengawu wandipatsira kudzera mwa Maidelín, poti ndi momwe timalankhulirana masiku ano. Khofi uja Nereida anafuna kumutaya m'ngalande. Ine ndikumwa, ndipo ndi wabwino.

Orestes akupereka moni. Amumeta mpala ndipo waguluka dzino lakutsogolo. Za chithunzi sanandifunsepo. Amangofunsa za bondo langa, ndipo samwetulira kuti mayi ake asaone dzinolo. Dzulo ndinayesa kukumbukira mmene ankasekera, zinandikanika.

Mudule mosamala, achemwali. Pakamwa musadulepo.

Ndine mlongo wanu,
Evelio